Ziwalo zopanga malovu m'kamwa: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amayamba kufunsa za ziwalo zimenezi tsaya likatupa, m'kamwa mukamauma kapena mwana akadwala matsagwidi. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza pamene ziwalozi zili, mmene zimagwirira ntchito, ndiponso mmene mungasiyanitsire kutupa kongofuna kusamalidwa pakhomo ndi kutupa kofunika kukaonetsa kuchipatala msanga.

Kodi malovu amachokera pati kwenikweni?

Munthu ali ndi ziwalo zikuluzikulu 6 zopanga malovu, zitatu kumanja ndi zitatu kumanzere.

Chachikulu pa zonse ndi parotid. Chili kutsogolo kwa khutu, kutsikira mpaka pa ngodya ya nsagwada, ndipo chimalemera magalamu apakati pa 15 ndi 30. Malovu ake amayenda m'kanjira kotalika masentimita pafupifupi 5, kamene kamadutsa pamwamba pa mnofu wotafunira, n'kuboola tsaya, n'kutulukira m'kamwa moyang'anana ndi dzino lachiwiri la mano akuluakulu otafunira a m'mwamba. Amene anayamba kufotokoza za kanjiraka ndi Niels Stensen wa ku Denmark mu 1660, pamene ankafufuza mutu wa nkhosa.

Chachiwiri ndi submandibular, chimene chili kunsi kwa nsagwada, pakati pa chibwano ndi ngodya ya nsagwadayo. Kanjira kake nakonso ndi ka masentimita 5, koma kamayenda mokwera n'kukatulukira pansi pa lilime. Thomas Wharton wa ku England analemba za kanjira kameneka mu 1656.

Chachitatu, sublingual, ndi chaching'ono, cha magalamu 2 mpaka 4. Chili pansi penipeni pa lilime ndipo chimathira malovu kudzera m'timabowo tambiri.

Kupatula ziwalo 6 zimenezi, pali tiziwalo ting'onoting'ono pakati pa 600 ndi 1,000 tomwazikana m'milomo, m'masaya, kumwamba kwa m'kamwa ndi pa lilime. Kalikonse n'kosapitirira mamilimita 5. Timatulutsa malovu ochepa koma oterera, amene amanyowetsa m'kamwa ngakhale munthu ali m'tulo.

Ndingathe kuziona kapena kuzikhudza ndekha?

Ziwalo zabwinobwino sizioneka kunja, ndipo parotid simveka n'komwe mukaikhudza. Koma timakomo take mungatione. Imani pagalasi pamalo owala, mukweze lilime mpaka ligunde kumwamba. Kumbali zonse ziwiri za kachikopa kogwira lilime, kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, muona titinthu tiwiri totukuka pang'ono. Pukutanipo ndi kansalu koyera, kenako mudonthezere kadontho ka ndimu kunsonga ya lilime. Pasanathe masekondi angapo malovu ayamba kudzaza pansi pa lilimepo, ndipo kwa anthu ena amachita kuthamanga ngati kamtsinje kopita kunja. Zimenezi si matenda.

Khomo la parotid mungalione mukakoka tsaya ndi chala: ndi kanthu kakang'ono kotukuka m'kati mwa tsaya, pafupi ndi mano a m'mwamba. Ena amakaona koyamba n'kuda nkhawa kuti ndi chilonda. Yang'ananinso tsaya linalo, mukapeza kofanana nako.

Mukayendetsa lilime m'kati mwa mlomo wa m'munsi mumamva timibulu tambiri. Timeneto ndi tiziwalo ting'onoting'ono tija.

Munthu amapanga malovu ochuluka bwanji patsiku?

Pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka. Sakhala osungidwa penapake, amapangidwa nthawi yomweyo kuchokera ku madzi a m'magazi. Munthu akangokhala osadya, amatulutsa mamililita 0.3 mpaka 0.4 pa mphindi, ndipo magawo awiri mwa atatu a malovu amenewa amachokera ku submandibular. Akayamba kutafuna, malovu amachuluka kangapo, ndipo parotid ndi imene imapereka oposa theka. Usiku amatsika kwambiri, n'chifukwa chake m'kamwa mumanunkha m'mawa, komanso n'chifukwa chake kugona osatsuka m'kamwa kumawononga mano kuposa kudumpha kutsuka kwa m'mawa.

Mukhoza kudziyeza. Khalani ola limodzi osadya, osamwa, osasuta. Kenako khalani pansi, muweramitse mutu, muzilavulira m'kapu kwa mphindi 15 osatafuna kanthu. Munthu wabwinobwino amadzaza pafupifupi supuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5. Akakhala mamililita 1.5 kapena kucheperapo, malovu anu ndi ochepadi.

M'malovu muli chiyani, ndipo ntchito yake n'chiyani?

Magawo 99 pa 100 alionse ndi madzi. Kagawo kotsalako ndi kamene kali ndi ntchito yaikulu.

Muli amylase, amene amaphwanya sitachi wa mu nsima, mpunga, chinangwa ndi buledi kuti asanduke shuga. Ntchito yake ndi yomwe chimera chimagwira mu phala la thobwa: phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Tafunani chinangwa chophika kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osameza, mudzamva kukoma kukusintha. Muli mucin, amene amachititsa malovu kuterera kuti mbamu itsike bwino kummero ndiponso kuti lilime liziyenda poyankhula. Muli lysozyme, lactoferrin ndi asilikali a thupi otchedwa IgA, zimene zimachepetsa mabakiteriya ndi fangasi. Kukoma kwa chakudya nakonso kumadalira malovu, chifukwa lilime limamva zinthu zimene zasungunuka basi.

Ntchito imene anthu ambiri saidziwa ndi yoteteza mano. Mukamwa tiyi wa shuga kapena chakumwa chotsekemera, mabakiteriya a pamano amasandutsa shugayo kukhala asidi m'mphindi zochepa. Asidiyo akafika pa mlingo wa pH 5.5 (pH ndi muyezo wa mphamvu ya asidi), chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka. Bicarbonate wa m'malovu amachepetsa mphamvu ya asidiyo, ndipo calcium ndi phosphate amabwerera m'dzino. Zimenezi zimatenga mphindi 30 mpaka 60. Choncho munthu amene amamwa zotsekemera pang'onopang'ono tsiku lonse amawononga mano kuposa amene wamwa zomwezo kamodzi pa nthawi ya chakudya, chifukwa malovu sapeza mpata wokonza.

N'chifukwa chiyani malovu amadzaza ndikaona bwemba, koma m'kamwa mumauma ndikachita mantha?

Ziwalozi zimalamulidwa ndi mitsempha yochokera ku ubongo imene munthu sangailamule. Kukoma, fungo, kutafuna, ngakhale kungokumbukira chinthu chowawasa, zimatumiza uthenga woti zitulutse malovu ambiri amadzimadzi. Zowawasa ndi zimene zimakoka malovu kuposa zonse, popeza thupi limafuna kuchepetsa asidi msanga. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wa kagayidwe ka chakudya, anaonetsa kuti agalu amatha kuphunzira kutulutsa malovu akangomva chizindikiro choti chakudya chikubwera.

Pa nthawi ya mantha ubongo umaletsa uthenga umenewu, ndipo malovu amene amatuluka amakhala ochepa ndi omata. Mantha akatha zimabwerera mwakale.

Kunsi kwa nsagwada kumatupa ndi kupweteka ndikangoyamba kudya, kenako kumaphwa. Ndi chiyani?

Nthawi zambiri ndi kamwala kamene katseka kanjira ka malovu. Chizindikiro chake n'chimenechi ndithu: mwangoika chakudya m'kamwa, makamaka chowawasa, chiwalo chikupanga malovu ambiri koma akusowa potulukira, ndiye chimafufuma n'kupweteka m'mphindi zochepa. Pakapita ola limodzi kapena awiri malovu amadontha pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwalako, kutupa n'kuchepa, mpaka chakudya chotsatira.

Timiyala timeneti si mchenga umene munthu anadya mu ufa kapena mu mpunga. Timapangika m'kati momwemo kuchokera ku calcium wa m'malovu. Timiyala 8 kapena kuposerapo mwa 10 tilitonse timapezeka mu submandibular, pa zifukwa zitatu: malovu ake ndi okhuthala, ali ndi calcium wambiri, ndipo kanjira kake kamakwera chitunda komanso kali ndi pokhota. Kusamwa madzi okwanira, kusuta fodya ndi mankhwala oumitsa m'kamwa zimawonjezera vutoli.

Kamwala kakang'ono kamatha kutuluka kokha. Chitani izi kwa masiku angapo:

1. Imwani madzi malita awiri kapena kuposerapo patsiku, pokhapokha ngati adokotala anakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso.
2. Thowani potupapo ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, katatu kapena kanayi patsiku.
3. Sisitani ndi zala kuyambira pa ngodya ya nsagwada kulowera kuchibwano, kutsatira njira imene malovu amayenda. Ngati ndi parotid, yambirani kukhutu kulowera kumphuno.
4. Yamwani kachidutswa ka ndimu kapena tafunani chingamu chopanda shuga kuti malovu akankhe kamwalako. Mukatha ndimu chukuchani ndi madzi, ndipo musatsuke mano nthawi yomweyo.

Musazule ndi singano kapena phini, ngakhale mukukaona kakuyera pansi pa lilime. Kanjira kakavulala kamapola mothina, ndipo kutsekeka kwake kumakhala kovuta kuposa kamwala. Kutupa kukapitirira sabata, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Kumeneko amapapasa ndi chala chimodzi m'kamwa china kunja, n'kujambula ndi ultrasound kapena X-ray. Kamwala ka pafupi ndi khomo amakachotsa atabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kucheka pang'ono m'kamwa. Zipatala zina zikuluzikulu zimalowetsa kakamera kopyapyala m'kanjiramo n'kukoka kamwalako. Kamene kali m'kati mwa chiwalo ndipo kakubweretsa mafinya mobwerezabwereza kamachititsa kuti achotse chiwalo chonsecho.

Matsagwidi ndi chiyani, ndipo mwana tingamusamalire bwanji?

Matsagwidi amayamba ndi vairasi imene imafala kudzera m'malovu, pokhosomola, poyetsemula ndi pobwerekana makapu. Munthu akatenga, zizindikiro zimaoneka pakapita masiku 16 mpaka 18, ngakhale zimatha kufulumira pa masiku 12 kapena kuchedwa mpaka 25. Mwana amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi kusafuna kudya. Kenako parotid imatupa, kawirikawiri mbali imodzi kaye, inayo n'kutsatira pakapita tsiku kapena masiku angapo. Yang'anani kunsi kwa khutu: pa matsagwidi nsonga ya khutu imakankhidwira m'mwamba ndi kunja, ndipo ngodya ya nsagwada imabisika. Kutupa kumafika pachimake m'masiku atatu, n'kuphwa m'sabata imodzi kapena masiku 10.

Palibe mankhwala opha vairasi imeneyi, ndipo maantibayotiki sathandiza chilichonse. Mpatseni mwana madzi ambiri, phala ndi zakudya zofewa. Apa zowawasa musampatse, chifukwa zimakakamiza chiwalo chotupa kugwira ntchito ndipo ululu umakula. Paracetamol amathandiza pa mlingo wa mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, maola 6 alionse, osapitirira kanayi patsiku. Aspirin musampatse mwana wosakwana zaka 16. Asapite kusukulu kwa masiku 5 kuchokera tsiku limene kutupa kunayamba. Kutema mphini patsaya sikuphwetsa matsagwidi, kumangotsegula khomo la mabakiteriya pamalo amene pali mtsempha woyendetsa nkhope.

Thamangirani kuchipatala ngati mwana akumva mutu kwambiri, khosi lauma, akusanza mosalekeza, akugona mosadzuka bwino, wakomoka, m'mimba mukupweteka kwambiri, kapena khutu lasiya kumva. Kwa anyamata otha msinkhu ndi abambo, matsagwidi amatha kutupitsa machende pakapita masiku 4 mpaka 8, kawirikawiri mbali imodzi. Ululu wake ndi waukulu ndipo ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, chifukwa pali matenda ena a machende ofuna opaleshoni yamwadzidzidzi amene amayamba mofanana. Kusaberekeratu chifukwa cha matsagwidi sikuchitika kawirikawiri.

Katemera wa MR amene ana amalandira kusikelo ku Malawi, amene anayamba mu 2017, amateteza chikuku ndi rubella (matenda ena a zidzolo ofanana ndi chikuku), koma sateteza matsagwidi. Woteteza matsagwidi ndi MMR, amene ku South Africa amapezeka m'zipatala zolipira. Choncho mwana amene anamaliza katemera wake yense wa kusikelo atha kudwalabe matsagwidi.

Mwana watupa masaya onse awiri kwa miyezi, koma sakumva kupweteka. Kodi ndi matsagwidi osatha?

Ayi. Matsagwidi sapitirira masabata awiri, ndipo munthu sadwala kawirikawiri kachiwiri. Kutupa kwa parotid kosatha komanso kosapweteka ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene bungwe la WHO linaika pa gawo lachiwiri la matenda a HIV mwa ana. Mwana wotere ayezedwe magazi, ngakhale akuoneka wathanzi. Akuluakulu amene ali ndi kachilomboka nawonso amatha kukhala ndi timatumba ta madzi m'kati mwa parotid, tofewa, mbali zonse ziwiri. Kupopa madziwo ndi jakisoni kumathandiza kwa kanthawi kochepa, amadzazanso. Chimene chimaphwetsa kwenikweni ndi kumwa ma ARV mwandondomeko.

Pali vuto linanso la ana a zaka 3 mpaka 6, pamene tsaya limatupa ndi kupweteka kwa masiku angapo, n'kuphwa, n'kubweranso pakapita miyezi. Ambiri limawathera akamatha msinkhu. Kwa akuluakulu, masaya onse awiri amathanso kukula mosapweteka chifukwa cha mowa wambiri, matenda a shuga, kunyentchera kapena kudzisanzitsa kawirikawiri.

Nanga tsaya likafiira, kutentha, ndipo m'kamwa mukumveka mafinya?

Amenewo ndi mabakiteriya, makamaka Staphylococcus aureus, amene akwera kanjira kuchokera m'kamwa chifukwa malovu achepa ndipo sakutsukanso njirayo. Zimagwira kwambiri okalamba, odwala amene agona nthawi yaitali osamwa bwino, amene angochitidwa opaleshoni, odwala shuga ndi makanda obadwa kumene. Kawirikawiri ndi mbali imodzi. Mukasisita tsaya kulowera kutsogolo, pakhomo paja pamatuluka mafinya m'malo mwa malovu oyera.

Izi n'zofuna chipatala tsiku lomwelo: maantibayotiki monga cloxacillin, madzi ambiri, nthawi zina a diripi, kuthowa ndi kusisita. Pakapita masiku awiri kapena atatu osasintha, mwina mafinya aunjikana ndipo akufunika kutulutsidwa ndi dokotala. Kutupa kukafalikira kukhosi, lilime n'kukwera m'mwamba, munthu n'kumavutika kumeza kapena kupuma, musadikire kuti kuche.

Amene mukudwazika matenda pakhomo, muziwatsuka odwala m'kamwa kawiri patsiku ndi kuwamwetsa madzi pafupipafupi, ngakhale sakudya. Ambiri mwa matenda amenewa amapewedwa ndi zimenezi.

Ndili ndi kachotupa kutsogolo kwa khutu kwa zaka, sikapweteka. Ndikasiye?

Musakasiye. Kusapweteka si umboni woti chotupa n'chabwino, ndipo ili ndi funso limene anthu amachedwa nalo kwambiri.

Zotupa pafupifupi 8 mwa 10 za ziwalo za malovu zimamera mu parotid, ndipo zambiri mwa izo, pafupifupi zitatu mwa zinayi, si khansa. Chofala kwambiri ndi pleomorphic adenoma: cholimba, chosalala, chosuntha mukachikankha, chokula pang'onopang'ono kwa zaka. Ngakhale si khansa, madokotala amalangiza kuchichotsa, chifukwa sichisiya kukula, opaleshoni imavuta chikakula, ndipo chikakhalitsa zaka zambiri chimatha kusanduka khansa. China ndi chotupa cha Warthin, chimene chimapezeka kwambiri mwa osuta fodya achikulire ndipo chimatha kumera mbali zonse ziwiri.

Lamulo limene madokotala amagwiritsa ntchito ndi lakuti chiwalo chikachepa, mwayi woti chotupa chake ndi khansa umakula. Mu submandibular, pafupifupi theka la zotupa ndi khansa. Pansi pa lilime ndi kumwamba kwa m'kamwa mwayi ndi waukulu kuposa pamenepo. Kachotupa kolimba kumwamba kwa m'kamwa kamene sikakuchokera ku dzino lobooka kafufuzidwe msanga.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: chotupa chayamba kukula mofulumira, chayamba kupweteka, chamatirira pakhungu kapena pafupa, pabuka chilonda, mbali ya nkhope yachita dzanzi, pakamwa papotoka kapena diso silikutsinzina, m'khosi mwatuluka anabere olimba. Kuchipatala amajambula ndi ultrasound, kenako amatenga timaselo ndi singano yopyapyala kuti akaone pa makina. Chotupa chilichonse cha pankhope kapena m'khosi chimene chatha masabata atatu osaphwa chikaonetsedwe.

Dziwaninso kuti si kutupa kulikonse kwa pamenepa kumene kumachokera ku ziwalo za malovu. Dzino lobooka limatupitsa tsaya, koma limapweteka mukaligogoda. Anabere amatupa chifukwa cha zilonda zapakhosi, TB kapena HIV. Ndipo kwa ana pali Burkitt lymphoma, khansa imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, yomwe ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana ku Malawi. Imatupitsa nsagwada mofulumira kwambiri, m'masiku kapena masabata ochepa, mano n'kuyamba kugwedera popanda chifukwa. Makolo ena amaiyesa matsagwidi kapena dzino n'kutaya masabata. Imamva mankhwala bwino ikapezeka msanga, ndipo ana amathandizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Akachotsa chiwalo chimodzi, m'kamwa mudzauma? Nanga nkhope?

M'kamwa simuuma, zotsalazo zimakwanira. Nkhawa yaikulu pa opaleshoni ya parotid ndi mtsempha woyendetsa nkhope, umene umadutsa pakati penipeni pa chiwalochi n'kugawika nthambi 5 zopita pamphumi, kudiso, patsaya, kumilomo ndi kukhosi. Dokotala amayamba waupeza mtsemphawo, n'kumachotsa chotupa mousamala. Kufooka kwa nkhope kwa masabata kapena miyezi ingapo kumachitika ndithu, koma kokhalitsa n'kwa anthu ochepa ngati chotupa sichinali khansa. Diso likamakanika kutseka, lifunika mankhwala odonthezera ndi kuliphimba usiku kuti lisaume.

Nsonga ya khutu imatha kukhala ya dzanzi. Ena pakapita miyezi amatuluka thukuta patsaya akamadya, chifukwa mitsempha imene inkalamula malovu yalumikizana ndi tiziwalo ta thukuta pochira. Vutoli analifotokoza Łucja Frey wa ku Poland mu 1923, ndipo si loopsa.

Pansi pa lilime pali chotupa chofewa chooneka ngati muli madzi. Ndichiboole?

Chimenecho amachitcha ranula. Malovu a sublingual atayikira m'minofu chifukwa kanjira kang'ambika kapena katsekeka. Mukachiboola chimaphwa n'kudzazanso m'masiku ochepa, mwinanso ndi mafinya. Chithandizo chokhalitsa ndi kuchotsa sublingual ya mbali imeneyo. Kum'mwera kwa Africa kuno madokotala aona kuti ranula imapezeka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi HIV, choncho musadabwe akakupemphani kuyezetsa.

Kachotupa kofanana nako ka m'kati mwa mlomo wa m'munsi kamabwera munthu akadziluma. Kamatha kuphwa kokha, koma kakamabwerabwera amakachotsa pamodzi ndi kachiwalo kake.

M'kamwa mwanga mumauma nthawi zonse. Chikuchititsa n'chiyani?

Yambani mwayang'ana mankhwala amene mukumwa, chifukwa ndi amene amayambitsa vutoli kwa anthu ambiri: amitriptyline, Piriton, promethazine, Buscopan, chlorpromazine, tramadol, morphine, ndi mankhwala okodzetsa a BP monga hydrochlorothiazide ndi furosemide. Munthu akamamwa mitundu ingapo nthawi imodzi, kuuma kumakula. Musasiye mankhwala panokha. Auzeni adokotala, atha kusintha mlingo, nthawi yomwera kapena mtundu.

Ngati mukumvanso ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda, kayezetseni shuga. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumaumitsa m'kamwa chifukwa madzi achepa m'thupi, ndipo kwa mwana lilime louma ndi chizindikiro choti ayambe Thanzi ORS mwamsanga. Kupumira pakamwa usiku, fodya, mowa ndi chamba nazonso zimaumitsa. Kuuma kwa m'kamwa pamodzi ndi maso omveka ngati muli mchenga, nthawi zina ndi kupweteka kwa mfundo, kungakhale matenda a Sjögren, pamene chitetezo cha thupi chimaukira ziwalo zake zomwe. Odwala 9 mwa 10 ndi amayi. Chithandizo cha khansa cha kuwotcha ndi cheza pamutu ndi pakhosi chimawononga ziwalozi, nthawi zina mpaka kalekale, choncho wodwala aonane ndi dokotala wa mano asanayambe.

Vuto la kuuma si kusowa mtendere kokha. Mano amabooka mofulumira, makamaka m'mphepete mwa nkhama, ndipo fangasi woyera amamera pa lilime ndi m'masaya. Zothandiza ndi izi: kumwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, kutafuna chingamu chopanda shuga, kudya nsima ndi ndiwo za msuzi wambiri kapena therere, kupewa mankhwala ochukuchira okhala ndi alcohol, ndi kutsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, n'kulavula osachukucha ndi madzi. Maswiti a shuga amabweretsa malovu kwa kanthawi koma amamaliza mano. Kwa amene ziwalo zawo zikugwirabe pang'ono, dokotala atha kulemba pilocarpine, mankhwala oonjezera malovu.

Nanga malovu akachuluka?

Kawirikawiri vuto silikhala kupanga ambiri, koma kulephera kumeza. Khanda limayamba kutuluka dovu pa miyezi itatu kapena inayi ndipo limasiya lokha likamafika zaka ziwiri. Odwala sitiroko, Parkinson (matenda a ubongo onjenjemeretsa thupi) ndi ana olumala ubongo amatuluka dovu chifukwa minofu ya milomo ndi yomezera ndi yofooka. Amayi ena oyembekezera amalavula kwambiri m'miyezi yoyambirira, makamaka amene ali ndi mseru, ndipo zimatha akachira kapena asanachire. Chilungulira nachonso chimadzadzitsa malovu m'kamwa mwadzidzidzi.

Pali nthawi ziwiri zimene malovu ochuluka ndi ngozi. Yoyamba ndi mwana wotentha thupi amene mwadzidzidzi akulephera kumeza malovu ake ndipo akupuma movutika. Yachiwiri ndi poizoni wa mankhwala ambiri ophera tizilombo m'munda ndi tameki: thovu kukamwa, thukuta, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa kwambiri. Muvuleni zovala zimene zathiridwa mankhwala, musambitseni ndi sopo, mugonekeni chammbali, mupite naye kuchipatala pamodzi ndi botolo kapena pepala la mankhwalawo. Musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Kuchipatala amabaya atropine mobwerezabwereza mpaka m'chifuwa muume.

Ngati HIV amayeza m'kamwa, ndiye kuti imafala m'malovu?

Ayi. Kachipangizo kodziyezera ka OraQuick, kamene kanafalitsidwa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuyambira mu 2015, sikafufuza kachilombo. Kamafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi kachilomboko, omwe amapezeka m'madzi otuluka m'nkhama. N'chifukwa chake mumakadutsitsa pa nkhama za m'mwamba kamodzi ndi za m'munsi kamodzi, osati kulavulirapo. Musadye kapena kumwa kwa mphindi 15 musanayeze, ndipo muwerenge zotsatira pakati pa mphindi 20 ndi 40. Mizere iwiri ikaoneka, katsimikizeni ndi magazi kuchipatala. Amene ali kale pa ma ARV asagwiritse ntchito kachipangizoka, chifukwa kangaonetse molakwika kuti alibe kachilombo.

HIV sifala popsompsonana, podyera mbale imodzi kapena pomwera kapu imodzi. Zimene zimafala m'malovu ndi matsagwidi, chimfine, zilonda za herpes za pamilomo, vairasi ya Epstein-Barr (imene imatentha thupi ndi kutupitsa anabere), ndi mabakiteriya oboola mano, amene mwana amatha kutengera kwa wamkulu womutafunira chakudya kapena kumunyambitira supuni.

Kodi kupaka malovu pabala kumathandiza? Nanga galu akanyambita bala?

Mabala a m'kamwa amapoladi msanga, koma malovu a munthu ali ndi mabakiteriya ambirimbiri amene ndi oopsa akalowa pansi pa khungu. Bala litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo. Pa mchombo wa khanda ndi m'diso musaikepo malovu.

Za galu ndi zoopsa kwambiri. Vairasi ya chiwewe imayenda m'mitsempha kupita ku ubongo, kuchoka kumeneko n'kutsikira m'ziwalo zopanga malovu, ndipo galu amatha kupatsira masiku angapo asanaonetse kuti wadwala. Galu wosadziwika kapena wokayikitsa akakulumani, akakukandani, kapena akanyambita bala, m'maso kapena pakamwa, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, pakani iodine kapena spirit ngati alipo, musamange balalo mothina, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti mukayambe katemera wa chiwewe. Malizani majakisoni onse pa masiku amene akulemberani, ngakhale bala litapola.